Dad Stop Embarrassing Me: ma episode 8 okha basi n'kutseka?

Anthu ambiri anaiwala kale kuti Jamie Foxx anabwererako ku masewero a pa TV mu 2021. Sewero lake la Dad Stop Embarrassing Me linatuluka pa Netflix pa 14 April, pofika June chaka chomwecho kunamveka kuti sizoni yachiwiri kulibe. Ma episode 8 okha, aliyense osakwana theka la ola, ukhoza kumaliza usiku umodzi magetsi akapanda kuthima.

Nkhani yake ndi yosavuta. Jamie akusewera ngati Brian Dixon, ali ndi kampani ya zodzoladzola ku Atlanta, ndiye mwana wake wamkazi Sasha amabwera kudzakhala naye mayi ake atamwalira, palinso mchemwali wa Brian, Chelsea, komanso madala awo omwe amangowatcha Pops. Maziko ake ndi ubale wa Jamie ndi mwana wake weniweni Corinne, yemwenso anali m'gulu la opanga seweroli.

Ndiye maganizo a owonera anagawikana heve. Ena akuti nthabwala zake ndi za makedzana, zija za m'ma 1990, kuseka kojambulidwa kale kumangolira ngakhale palibe choseketsa, munthu wangotsegula chitseko iwo akufa nako kuseka. Ena, makamaka aja anakulira pa The Jamie Foxx Show (1996 mpaka 2001), akuti zimenezo ndi zomwe ankazifuna kumene, zinawakumbutsa kale. Sizodabwitsa, amene ankayendetsa sewero latsopanoli ndi Bentley Kyle Evans, yemwe uja anagwira naye ntchito nthawi imeneyo. Pomwe ambiri sanatsutsane ndi pa David Alan Grier, Pops uja, mkuluyo akangoyankhula umaseka ndithu, iye ndi Jamie anadziwana kalekale ku pulogalamu ya nthabwala ya In Living Color ndipo zimaoneka.

Ine vuto langa si kuseka kwa makinako ayi. Dzina la seweroli ndi mawu a mwana, ndi mwana amene akudandaula kuti adadi mukundichititsa manyazi, koma mwanayo sanamupatse mpata. Kyla-Drew, amene akusewera ngati Sasha, amatha, nkhope yake yokha imayankhula, koma iye akangoyamba kuti timumvetse, Jamie watulukira atavala wigi ngati m'busa Sweet Tee, kenako Cadillac Calvin, kenako Rusty, mpaka umadzifunsa kuti kodi tikuonera banja kapena munthu mmodzi akusintha zovala. Mtsikana wataya mayi ake, wasamuka, akukhala ndi bambo omwe sanazolowerane nawo, pamenepo panali nkhani yoti nkukumba bwinobwino koma amangoidutsa pamwamba kuthamangira nthabwala ina. Episode yoyamba yeniyeniyo amapita kwa wopereka uphungu yemwe amawayesa chibwenzi, bambo ndi mwana wake! Aaa ayi, imeneyo sungaonere ndi ana pabalaza, ungamangoyang'ana rimoti.

Kenako episode yomaliza inangotembenuka mwadzidzidzi nkulowa nkhani ya apolisi ozunza anthu akuda. Nkhani yeniyeni ku America, inali isanakwane ndi chaka chomwe chiphedwere George Floyd, munthu wakuda uja anaphedwa ndi wapolisi, ndipo mnzake wa Brian, Johnny, ndi wapolisi wachizungu ndiye poyambira panalipo. Koma pambuyo pa mawigi onse aja zinabwera ngati maliro pakati pa chinkhoswe, ena anati apa ndiye sewero layamba kukhwima, ena anati mwachedwa nazo.

Komabe Netflix nayo siimadikira. Sewero la banja limafuna kuzolowerana, anthu ake uziwaona sabata ndi sabata mpaka uwadziwe khalidwe, The Jamie Foxx Show inafika ma episode 100 ndipo nthawi imeneyo sizoni imodzi inkatha kupitirira ma episode 20. Ndi 8 sungadziwe ngati olemba akanazindikira kuti golide wawo ndi Sasha ndi Pops. Akanapanga yachiwiri ndikanaonera, bola mawigi aja awatsekere mu wodilopu.