Ku Hochelaga ndi ku Sorel, m'mapazi a nkhondo ya Hells Angels

Montreal ndi mzinda wa ku Canada, m'chigawo cha Quebec, umene alendo amautamanda chifukwa cha matchalitchi ake akale, misewu yamiyala ya kufupi ndi doko ndiponso phiri la Mont Royal limene lili pakati pake, ndipo nanenso ndinaziona zonsezo pamene ndinakachezera achemwali anga ndi banja lawo m'nyengo yotentha. Koma chimene ndafuna kulemba pano ndi dera lina la kum'mawa kwa mzindawu lotchedwa Hochelaga-Maisonneuve, limene silioneka kawirikawiri pa zithunzi zokopa alendo, pakuti kumeneko ndi kumene nkhondo ya magulu a njinga zamoto a Hells Angels ndi Rock Machine, imene inapha anthu oposa 160 pakati pa 1994 ndi 2002, inasiya bala lalikulu.

Alamu anga ndiwo ananditsogolera. Tinakwera sitima yapansi panthaka n'kutsikira pa siteshoni ya Pie-IX, pafupi ndi bwalo la masewera a Olympic a 1976 lokhala ndi nsanja yopendekera, kenako tinayenda wapansi kulowera kumtsinje. Nyumba za kumeneko ndi za njerwa zofiira, zosanja kawiri kapena katatu, zogundana khoma ndi khoma, ndipo makwerero ake ndi achitsulo, opindika, ali kunja moti munthu wokhala pamwamba amatsikira pamsewu penipeni. Pamakonde panali njinga za ana, miphika ya maluwa ndi zovala zoyanika. Dera limeneli linali la anthu ogwira ntchito m'mafakitale ndi kumalo opangira zombo, ndipo mafakitalewo atayamba kutsekedwa m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, umphawi unalowa, achinyamata anasowa chochita, ndipo ogulitsa mankhwala osokoneza bongo anapeza msika pamodzi ndi anyamata owatuma.

Kwathu tikaona njinga yamoto timaganiza za mnyamata wakabaza amene akusaka chakudya cha ana ake, choncho n'kovuta kumvetsa kuti gulu la anthu okwera njinga lingagwedeze boma. Hells Angels inayamba mu 1948 ku Fontana m'chigawo cha California ku America, nthawi imene amuna ambiri obwera ku nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ankasonkhana m'magulu a njinga. Amene analikulitsa ndi Sonny Barger, yemwe anatsegula nthambi ya ku Oakland mu 1957 n'kulipatsa malamulo okhwima ndi dongosolo limene nthambi za m'mayiko ena zinatengera. Mamembala amavala jekete yokhala ndi chithunzi cha chigaza chamapiko kumsana, ndipo ambiri amasokererapo kachizindikiro ka 1%, kusonyeza kuti iwo sali m'gulu la okwera njinga omvera malamulo. Munthu salowa lero ndi lero. Amayamba ndi kungozungulira pamalo awo, kenako amakhala woyesedwa, kulondera pakhomo ndi kuchita chilichonse chimene watumidwa, mpaka mamembala a nthambiyo atamuvomereza. Gululi limanena kuti ndi bungwe la amuna okonda njinga za Harley-Davidson basi, ndipo wina akapalamula, mlandu ndi wake yekha. Koma njira yolowera imeneyi ndiyo imandikayikitsa, chifukwa ku Quebec makhothi anaonetsa kuti ntchito zonyansa zambiri zinkagwiridwa ndi oyesedwawo komanso timagulu ting'onoting'ono tokhala pansi pa Hells Angels, pamene akuluakulu ankakhala patali, manja ali oyera.

Gululi linafika ku Canada mu Disembala 1977, pamene gulu la ku Montreal lotchedwa Popeyes linavula zizindikiro zake n'kuvala za Hells Angels. Pasanathe zaka khumi, ubale umene amaunyadira unaonekera poyera kuti unali wotani. Pa 24 Malichi 1985, mamembala asanu a nthambi ya ku Laval, mzinda woyandikana ndi Montreal, anaitanidwa ku msonkhano pa nyumba ya gululi ku Lennoxville, pafupi ndi Sherbrooke, ndipo atafika anaomberedwa ndi anzawo omwe. Cholakwa chawo chinali chakuti ankadzidyera okha mankhwala osokoneza bongo a kokeni amene ankayenera kugulitsa, ndipo ankabweretsa ngongole ndi chisokonezo pa malonda. Mitembo anaikulunga m'matumba ogonamo, kuimangirira zolemera ndi kuitaya mumtsinje wa St. Lawrence, mmene inayamba kupezeka patapita miyezi. Mmodzi wa amene anapulumuka, Yves Trudeau, ataona kuti nayenso akufunidwa, anathawira kwa apolisi n'kuvomera kuti anatengapo mbali pa kupha anthu 43.

Chaka chotsatira Salvatore Cazzetta anayambitsa gulu lina lotchedwa Rock Machine, ndipo mnzake wakale Maurice Boucher, amene ankadziwika ndi dzina lakuti Mom, analowa Hells Angels mu 1987. Cazzetta atamangidwa mu 1994 pa mlandu wa kokeni, Boucher anaona mpata ndipo analamula kuti aliyense wogulitsa mankhwala m'mabala ndi m'misewu ya Montreal azigula kwa Hells Angels okha. Okana anagwirizana ndi Rock Machine, ndipo nkhondo inayambika. Panalibe za njinga, za ufulu wa pamsewu kapena za ulemu wa jekete m'nkhondo imeneyi. Inali yolimbirana kuti ndani azigulitsa kokeni ndi chamba pa bala ili ndi pa mphambano iyo. Katundu wambiri ankalowera pa doko la Montreal, pamene gulu la zigawenga la West End Gang linali ndi anthu ake, ndipo banja la mafia la Rizzuto linali ndi njira zoitanitsira kuchokera kunja, moti Hells Angels ankachita nawo malonda onsewa.

Tinafika pa msewu wa Adam dzuwa litapendeka. Ndi msewu wabata wokhala ndi mitengo mbali zonse, tchalitchi chachikulu chamiyala ndi sukulu. Pa 9 Ogasiti 1995, masana, bomba limene linatcheredwa pa galimoto ya Jeep linaphulika pamsewu umenewu n'kupha mwamuna amene anali m'galimotomo, ndipo chitsulo china chinauluka n'kulasa m'mutu mnyamata wa zaka 11 amene ankasewera chapafupi. Mwanayo anamwalira m'chipatala patapita masiku anayi, ndipo palibe amene anaweruzidwa chifukwa cha imfa yake. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndikuyang'ana kufupika kwa mtunda wochokera pamene magalimoto amaimikidwa kufika pamakwerero a nyumba, masitepe owerengeka chabe, ndipo ndinamvetsa kuti amene anatchera bombalo ankadziwa bwino lomwe kuti pamsewu wotere pamakhala ana, makamaka m'mwezi umene sukulu zili pa tchuthi.

“Mlamu, mudziwe kuti mwanayu asanafe anthu ambiri ankati asiyeni aziphana okhaokha,” anatero alamu anga. Mawuwa anandipweteka chifukwa ndi oona. Mabomba anali ataphulika kale kambirimbiri, mabala anali atatenthedwa, ndipo anyamata a m'dera lomweli anali atafa, koma popeza ankatchedwa zigawenga ndipo ankachokera m'mabanja osauka, imfa zawo sizinasunthe aliyense. Mwanayo atafa, anthu anakwiya, ndipo chaka chomwecho apolisi a mzinda, a chigawo ndi a dziko lonse anakhazikitsa gulu limodzi lofufuza lotchedwa Carcajou. Mu 1997 nyumba ya malamulo ya Canada inavomereza lamulo lolimbana ndi magulu a zigawenga, lakuti munthu akhoza kulangidwa chifukwa chochita upandu pothandiza gulu lotere.

Boucher sanabwerere m'mbuyo, m'malo mwake analunjika boma lenilenilo. Mu 1997 asilikali a ndende awiri, mayi ndi bambo, anaphedwa pa nthawi zosiyana, osati chifukwa cha cholakwa chawo koma chifukwa cha yunifolomu imene anavala. Cholinga chinali kuopseza onse ogwira ntchito za chilungamo, komanso kumanga pakamwa anyamata ake, pakuti wopha msilikali wa ndende sakanayembekezera chifundo ngakhale atasanduka mboni. Khothi linamumasula Boucher mu 1998 pa mlandu wolamula kuphedwa kwa asilikali awiriwa, ndipo anthu ena anamuombera m'manja pamene anaonekera pa masewera a nkhonya usiku womwewo, chinthu chimene mpaka lero chimandidabwitsa. Mu Seputembala 2000, mtolankhani Michel Auger wa nyuzipepala ya Le Journal de Montréal, amene ankalemba za maguluwa, anaomberedwa kumsana pamalo oimika magalimoto a kuntchito kwake, koma anapulumuka. Pa 28 Malichi 2001 apolisi anamanga anthu oposa 120 tsiku limodzi, ndipo boma linachita kumanga khothi lapadera pafupi ndi ndende ya Bordeaux kuti milanduyo izengedwe motetezeka. Mlandu wa Boucher unabwerezedwa, ndipo mu Meyi 2002 anapezeka wolakwa n'kulamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse. Anafera komweko mu Julayi 2022 atadwala khansa.

Tsiku lina tinapita pagalimoto ku Sorel-Tracy, tauni ya mafakitale a zitsulo yomwe ili makilomita pafupifupi 80 kutsika ndi mtsinje, kumene nthambi yoyamba ya Hells Angels ku Canada inali ndi likulu lake lotchingidwa ngati linga. Nyumbayo inapsa mu 2008 ndipo lero palibe choti mlendo n'kuona. Tinakwera chombo chowolotsa magalimoto kupita kutsidya, ku Saint-Ignace-de-Loyola, ndipo m'chombomo munali okwera njinga ambiri, abambo ndi amayi achikulire a imvi zawo, atavula zipewa zachitsulo akumwa khofi ndi kujambulana. Anthu otere ndiwo ochuluka m'misewu ya Quebec nthawi yotentha, ndipo alibe mlandu uliwonse. Ndikuona kuti Hells Angels amapindula kwambiri ndi kufanana kumeneku, chifukwa akamakwera pamodzi ndi anthu wamba, kusonkhetsa zidole za ana osauka ndi kugulitsa malaya olembedwa nambala 81, imene imaimira zilembo H ndi A, munthu wosadziwa mbiri amangoona amuna okonda njinga.

Nkhondo inatha, Rock Machine inalowa m'gulu lina la njinga la Bandidos la ku Texas ku America, koma Hells Angels sinathe. Mu 2005 woweruza wina m'chigawo cha Ontario anagamula kuti gululi ndi bungwe la upandu m'dziko la Canada, ndipo mu Epulo 2009 apolisi a ku Quebec anachitanso chisako chachikulu chotchedwa SharQc, chofuna anthu oposa 150, pafupifupi mamembala onse a m'chigawocho. Ambiri anavomera milandu yocheperapo, koma mu 2011 woweruza anamasula anthu 31 chifukwa milandu yawo ikanatenga nthawi yaitali mopitirira muyeso, ndipo mu 2015 ena asanu anamasulidwa chifukwa oimira boma pa milandu anachedwa kupereka umboni wina kwa maloya a oimbidwa mlandu. Pamene ambiri ankatuluka m'ndende, nthambi zinayambanso kugwira ntchito. Ku Netherlands khothi linaletseratu gululi mu 2019, koma gululi likadali ndi nthambi m'mayiko ambiri, kuphatikizapo South Africa. Ku Hochelaga nako lendi yakwera, malo odyera atsopano atsegulidwa mumsewu wa Ontario, ndipo mabanja ena amene anapirira mabomba a zaka zimenezo akusamuka chifukwa sangathenso kulipira nyumba zimene anakuliramo.