Mzere wa pensulo umene ena adzaunyamule

Pa bizinesi ya banja lathu aliyense ali ndi mbali yake. Bambo amasula zitsulo, achimwene amawotcherera, ine ndimajambula mapulani a mageti, mipanda ndi zogwirira m'masitepe. Ambiri amati yanga ndiye yopepuka poti ndimagwira pensulo ndi kompyuta. Komatu mzere uliwonse umene ndalemba, wina adzaudula, kuupinda ndi kuunyamula.

N'chifukwa chake ndinayamba ndi kuphunzira kulemera kwa zitsulo. Chitsulo chamakona anayi cha mamilimita 12 chimalemera pafupifupi kilogalamu 1.1 pa mita, pamene cha mamilimita 16 chimafika makilogalamu 2. Papepala sizisiyana kwenikweni, koma mahinjesi ndi nsanamira ndiye amamva. Maluwa achitsulo akachuluka kumbali yotsekera, geti limayamba kukhula pansi.

Chimene chinanditengera nthawi ndi mapindikidwe a zitsulo onga nkhono. Bambo salola kuyatsa moto asanaone chojambulacho pa kukula kwake kwenikweni. Ndimachilemba ndi choko patebulo lachitsulo, iwo n'kuyala chingwe motsata mzerewo mpaka pakatikati, kenako n'kuchiwongola kuti apime utali wa chitsulo chodula. Pamenepo amachotsakonso pang'ono, chifukwa nsonga ikamasulidwa ndi nyundo kuti ionde, chitsulo chimatalika. "Pamene wapanikiza apa," anandiuza tsiku lina akuloza ndi chala chakuda ndi makala, "chopanira changa chilowa bwanji?" Kuyambira pamenepo ndikamajambula ndimaganiza za dzanja ndi chida, ndipo zojambula zanga zinayamba kukongola. Ndimakhulupirira ndithu kuti wojambula wosakhalapo pachipala amavutitsa anzake.

Kwa achimwene ndinaphunzira kuti powotcherera pakamazizira pamakoka chitsulo, ndiye malo owotcherera ayenera kulingana mbali zonse, apo ayi felemu ipotoka. Zitsulo zokaviika mu zinki wosungunuka (kuti zisachite dzimbiri), amene amatentha pafupifupi madigiri 450 a Celsius, zimafuna mabowo pa paipi iliyonse kuti mpweya utuluke, chifukwa paipi yotsekeka ikhoza kuphulika. Mabowowo ndi ine wowaika papulani, pobisika. Tsamba lachitsulo nalo ndimaliweramitsa kuti lisasunge madzi, poti pokhala madzi mpamene dzimbiri limayambira.

Chovuta pa ntchito ya pabanja n'choti wokana pulani yako ndi kholo lako, ndipo madzulo mukhalanso m'nyumba imodzi. Ndinapeza mphamvu powerenga za Samuel Yellin, wosula wa ku Philadelphia ku America amene anamwalira mu 1940. Mwana wake Harvey anapitiriza ntchitoyo, kenako mdzukulu wake Clare. Ndimaganiza kuti nawonso ankakambirana za zimene ziyenera kusungidwa ndi zimene zingasinthe.

Panopa ndikuphunzira kujambula zodulidwa ndi makina a laser, zimene bambo amaziona ngati zopanda moyo. Tagwirizana kuti pa geti lotsatira mbale yapakati idulidwe ndi makina, koma mapindikidwe onse asulidwe ndi iwo.