Momwe galaja yathu ya ku Kasungu inayambira kukonza maboti

Galaja yathu ili pa boma la Kasungu, kufupi ndi msewu wa M1, ndipo anaiyambitsa ndi malemu bambo anga, amene ankakonza mathirakitala a m'maesiteti a fodya, injini za zigayo ndi mapampu othirira nazale. Anthu amadabwa akamva kuti timakonzanso maboti, popeza madzi amene tinawazolowera kuno ndi a mtsinje wa Bua, damu la Chitete ndi damu la Lifupa la kumalo osungirako nyama, komwe eni ake ndi mvuu. Komatu nyanja sili kutali, chifukwa msewu wa M18 umadutsa m'nkhalango n'kukatsikira ku Nkhotakota, ndipo alipo anthu angapo kuno amene amakoka maboti awo pangolo kupita kumeneko.

Boti loyamba linabwera ndi mkulu wina wa esiteti amene anali kasitomala wa bambo kwa zaka zambiri. Atatsika m'galimoto anati, "Mwana wanga, injini ikulira bwino, koma mwendo wakewu ukukukuta ngati chigayo chopanda chimanga." Linali boti la mtundu umene amati stern drive, lomwe injini yake, yofanana ndi ya galimoto, imakhala mkati, pamene mwendo wokhala ndi magiya ndi pulopela umatulukira kumbuyo. Makina oterewa anayamba kugulitsidwa ndi Volvo Penta mu 1959, MerCruiser n'kutsatira mu 1961, ndipo la mkuluyu linali la MerCruiser Alpha One.

Nditamasula chotsekera cha pansi pa mwendowo, oyilo anatuluka akunyezimira, ndipo kamaginito ka pachotsekeracho kanali katavala nyenyeswa zachitsulo ngati ubweya. Mkati ndinapeza kuti kachitsulo ka mano kamene kamalumikiza giya ndi shafuti ya pulopela kadyeka m'nsonga, mano onse atabulungika. Zipangizo tinaitanitsa ku South Africa, ndipo tinadikira masabata angapo. Chinandivutitsa maganizo n'chakuti makinawo analibe chilema china chilichonse chimene chikanadyetsa manowo, choncho ndinapempha kuti tsiku lokaliyesa ndipite nawo kunyanja.

Kumeneko ndi kumene ndinaona gwero la vutolo. Mnyamata woyendetsa botilo anali wosamala kwambiri, dalaivala wabwino wa galimoto, ndipo anatengera kunyanja chizolowezi chosiya kilatchi pang'onopang'ono. Poyandikira gombe ankakankha chogwirira cha giya monyengerera, mano aja n'kumangokhudzana osalowana, phokoso lokukuta n'kumamveka pansi pa madzi. Mphepo ya mwera itayamba kukankhira botilo kumiyala, mantha anamugwira ndipo anachotsa giya ya kutsogolo n'kuponya ya m'mbuyo nthawi imodzi, injini ili pamoto waukulu. Ndinamumvera chisoni, chifukwa palibe amene anamuuzapo kuti zonse ziwirizi zimawononga.

Masana omwewo tinayamba kuphunzira. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, dikirani injini itsike izizungulira maulendo 600 kapena 700 pa mphindi, kenako lowetsani giya kamodzi, ndi dzanja lotsimikiza, mumve kugunda kumodzi kokha." Pochoka kutsogolo kupita m'mbuyo, chogwirira chiyenera kuima kaye pakati, pomwe palibe giya, kuti pulopela ichepetse liwiro. Boti lilibe mabuleki, ndipo la mtunduwu limakhota chifukwa mwendo womwewo ndiwo umatembenuka n'kukankha madzi, kotero likakhala kuti silili m'giya chiwongolero chimachita zochepa kwambiri. N'chifukwa chake timaphunzitsa kuti munthu ayambe wapotoza chiwongolero, alowetse giya kwa kamphindi, achotse, aone momwe boti layankhira, uku akukumbukira kuti chimene chimapatuka ndi kumbuyo kwa boti osati mphuno yake. Gombe kapena doko ndi bwino kulifikira moyang'anana ndi mphepo, pa liwiro limene munthu sangadandaule nalo atagunda.

Sindifulumira kuimba mlandu woyendetsa, chifukwa nthawi zina kebulo ya giya imauma, kapena kaswitchi kamene kamadula moto wa injini kwa kanthawi pochotsa giya kamasokonekera, ndipo munthu amakakamizika kugwiritsa ntchito mphamvu. Zimenezi timaziyesa tisanatsegule mwendo.

Kuchokera pamenepo, boti lililonse limene takonza sitilibweza tisanakhale nalo pamadzi tsiku limodzi pamodzi ndi woliyendetsa, ndipo mtengo wa tsikulo timaunena poyera pachiyambi. Asodzi ena a ku Nkhotakota ndi ku Dwangwa anamva, ndipo tsopano amatitumizira injini zawo za Yamaha, zimene magiya ake amalowana ndi mano mofananamo. Kachitsulo kodyeka kaja ndinakasunga pashelefu ya pafupi ndi khomo, ndipo woyendetsa aliyense watsopano ndimamupatsa kuti akagwire, apapase manowo ndi chala tisananyamuke kupita kunyanja.