Mawaya a magetsi sadziwa pamene nyumba yanu yathera

Papuloti pamene ndimachita lendi ku Area 25 pali nyumba zitatu, ndipo zonse zili pa mita imodzi ya ESCOM, moti timasonkherana ndalama zogulira mayunitsi. Rauta yanga, kabokosi komwe kamagawa intaneti m'nyumba, imakhala pabalaza, koma makoma a njerwa zootcha amafooketsa Wi-Fi isanafike kuchipinda chomwe ndimagwirira ntchito. N'chifukwa chake ndinagula timakina tiwiri ta powerline, tomwe timadutsitsa intaneti m'mawaya a magetsi a m'nyumba. Kamodzi kamalumikizidwa ku rauta n'kulowetsedwa pa soketi, kenako kena kamakhala pa soketi ya kuchipinda. Magetsi amayenda m'mafunde a 50 Hz, kutanthauza mafunde 50 pa sekondi, pamene timakinati, potsata muyezo wa HomePlug AV womwe unatuluka mu 2005, timagwiritsa ntchito mafunde a pakati pa 2 ndi 30 MHz, omwe ndi mamiliyoni pa sekondi, choncho magetsi ndi intaneti sizipondana.

Kwa milungu ingapo zonse zinkayenda bwino, mpaka nditaona kuti bandulo yapamwezi ikutha msanga kusiyana ndi kale. Nditatsegula pulogalamu yoyang'anira timakinati pa kompyuta, ndinapeza kuti ikuonetsa timakina tinayi m'malo mwa tiwiri. Aneba a nyumba yakumbuyo, omwe ndinawalimbikitsa ndekha kugula timakina totere, anali atalowetsa tawo pa soketi, ndipo manetiweki athu anali ataphatikizana popanda aliyense wa ife kudziwa. Ana awo ankaonera makanema kudzera pa rauta yanga, ndipo laputopu yanga nthawi zina inkadutsira pa rauta yawo.

Palibe amene anaba kanthu. Timakina ta muyezo umenewu timabisa uthenga pogwiritsa ntchito AES ya 128-bit, yomwe ndi loko wolimba ndithu, koma tambiri timachoka kufakitale tili ndi mawu achinsinsi ofanana, akuti "HomePlugAV", n'cholinga choti tizizindikirana tikangolowetsedwa pa soketi. Zili ngati maloko a m'dera lonse atakhala otsegulidwa ndi kiyi mmodzi. Ena amaganiza kuti mita imatchinga uthengawu, koma ine sindingadalire zimenezo, popeza nthawi zina umatha kudutsa mita n'kufika kunyumba yoyandikana nayo. Kwa ife omwe tili pa mita imodzi, ngakhale chotchinga chokayikitsacho palibe. Chomwe chinandidetsa nkhawa kuposa bandulo n'chakuti aliyense wolowa motere amakhala mkati mwenimweni mwa netiweki, pamodzi ndi printa ndi mafayilo omwe ndinasiya otsegula, osafunsidwa mawu achinsinsi a Wi-Fi.

Kukonza kwake sikunatenge nthawi. Ndinalemba mawu achinsinsi atsopano, ataliatali, m'pulogalamu ija pa timakina tonse tiwiri. Yemwe alibe kompyuta angagwiritse ntchito batani lolembedwa kuti Pair, lomwe mumadina pa kamodzi n'kukadinanso pa kena pasanathe mphindi ziwiri, koma ndi bwino kuwerenga kabuku ka malangizo, chifukwa pa mitundu ina muyenera kuyamba mwalikanikiza kwa masekondi angapo kuti kamakina kachoke pa netiweki yakale. Chitani zimenezi pamene aneba sakudina mabatani awo nthawi yomweyo.

Magetsi akathima n'kuyakanso, timakinati timakumbukira mawu atsopanowo, zomwe kuno ku Lilongwe ndaziyesa kangapo mosafuna. Chomwe chimabwezeretsa mawu a kufakitale ndi batani la Reset, ndipo munthu akalidina pofuna kuthana ndi vuto lina, ayenera kuyambiranso ntchito yonse ija. Timakina togula kwa munthu wina tikhoza kubwera ndi mawu a mwini wake wakale, ndipo tomwe timaulutsanso Wi-Fi timakhala ndi mawu achinsinsi ena apadera ofunika kuwasintha. Madzulo omwewo ndinapita kunyumba yakumbuyo ndi laputopu kukasinthanso mawu achinsinsi a timakina tawo, ndipo bambo a m'nyumbamo, atamva nkhani yonse, anangofunsa kuti andibwezere zingati za bandulo.