Madzi a m'dzina la Itzcoatl

Kwa masabata awiri tsopano ndakhala ndikuphunzira kuwerenga maina a anthu m'zolemba zakale za Anahua a ku Mexico, aja ambiri timawadziwa kuti Aaziteki. Mlembi wawo, tlacuilo, ankajambula munthu kapena mutu wake wokha, kenako n'kuika pambali kachithunzi ka dzina lake, nthawi zambiri kolumikizidwa ndi kamzere.

Chizindikiro chimene ndinayamba kuchizolowera ndi cha madzi, atl m'chinenero chawo cha Nahuatl. Ndi chokongola zedi: kamtsinje kabuluu, nthambi zake zikuthera pa timadontho tozungulira ndi tizigoba ta nkhono. Mu Codex Mendoza, limodzi mwa mabuku akale a anthuwa, dzina la mfumu Axayacatl ndi nkhope imene madzi akutsikira pa iyo, ndipo tanthauzo lake ndi lomwelo, nkhope ya madzi. Ahuitzotl, amene analamulira Tenochtitlan, likulu la Aaziteki, kuyambira 1486 mpaka 1502, chizindikiro cha dzina lake ndi kanyama kam'madzi konga katumbu, madzi akuyenda pamsana pake. Pamenepo ndinaganiza kuti njira ndaipeza: ukaona madzi, ndiye kuti dzinalo likunena za madzi.

Codex Vergara ndi imene inandibweza. Iyi ndi kaundula wa mabanja ndi minda ya ku Tepetlaoztoc, kufupi ndi mzinda wa Tetzcoco, wa cha m'ma 1540. Mmenemo muli dzina lojambulidwa ndi zinthu zitatu: mwala wakuda wakuthwa uja ankapangira mipeni, mtsuko, ndi madzi. Ine nditangoona mtsuko ndi madzi, maganizo anathamangira kuchitsime. M'kope mwanga ndinalemba kuti "wotunga madzi?", koma mwalawo unkakana kulowa m'nkhaniyo. Usiku wonse unatha ndikusinthasintha tanthauzo.

Yankho linabwera nditatchula mawuwo mokweza. Mwala ndi itztli, mtsuko ndi comitl, madzi ndi atl. Ukatenga chiyambi cha lililonse umapeza itz, co, a. Itzcoatl, njoka ya mwala wakuthwa! Dzina lomwelo mu Codex Mendoza, la mfumu Itzcoatl, ndi njoka yeniyeni yokhala ndi nsonga zakuda pamsana. Koma mu Codex Vergara njoka palibe n'komwe, ndipo madzi aja sakunena za mtsinje kapena mvula. Angobwereketsa liwu lakuti a basi.

Zimenezi zandikhudza kwambiri, chifukwa ndinakula ndikumva kuti anthu awa ankangojambula zithunzi, kulemba kwenikweni sankakudziwa. Koma mlembi wa ku Tepetlaoztoc ankamvetsera dzina, n'kulidula zidutswa, chidutswa chilichonse n'kuchipezera chithunzi. Ndipo mwini dzinalo sanali mfumu ayi, anali munthu wamba wolembedwa pamodzi ndi a m'banja mwake.

Dzulo ndayamba Matrícula de Huexotzinco, kalembera wa 1560 wodzaza ndi maina zikwizikwi. Ndikakumana ndi kamtsinje kaja, ndikumayamba ndatchula dzinalo pakamwa, cholembera chili pansi.