Agogo a pa Evington Road

Tulo sitikubwera, ndiye bola ndingolemba. Lero ndinali ku Leicester kukasaka anthu oti ndiwafunse mafunso a dissertation yanga, kafukufuku womalizira maphunziro, ya amwenye omwe anachoka ku Malawi nkudzakhazikika kuno ku UK. Masters yathuyi ndi yosakaniza, pena history, pena anthropology, pena zachipembedzo, zonse za anthu aku Asia ndi abale awo omwe anabalalikira mmayiko ena. Anzanga mkalasi ena akulemba za matchaina aku Malaysia, ena za ma Tamil omwe ali ku Toronto. Ine ndinasankha zakwathu.

Amene tinapangana sanabwere. Ndinangolowa mukashopu kena pa Evington Road kuti ndigule samusa, foni nkulira, achemwali aku Bangwe, ndiye mukudziwa mmene timakwezera mawu tikamayankhula ndi akumudzi. Nditangodula, agogo ena achimwenye omwe anakhala kuseri kwa kauntala, mpango kumutu, magalasi atatsikira pamphuno, anangoti "mwana wanga, kwanu nkuti?" Chichewa chake chosapunthwa ngakhale pang'ono.

Akuti anabadwira ku Luchenza, bambo awo anali ndi sitolo pafupi ndi siteshoni ya sitima, nsalu, mchere, palafini, shuga. Kenako mzaka za m'ma 1970 Kamuzu analamula kuti amwenye achoke kumidzi ndi mmatawuni ang'onoang'ono, malonda azichitira ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu basi. Anatseka sitolo, nkupita ku Limbe, patapita nthawi nkubwera kuno ndi pasipoti ya Britain. Zimenezi ndinaziwerenga kale mmabuku koma sindinamvepo munthu akunena kuti "tinasiya mtengo wa mango womwe ndinabzala ndekha." Anandifunsa ngati masuku akumagulitsidwabe mmbali mwa nsewu. Mayi awo anagona kumanda aku Limbe ndipo sanapiteko chichokereni, atanena zimenezi anakhala kaye chete nkumapukuta kauntala yomwe inali yoyera kale.

Chomwe chikundisowetsa mtendere nchakuti nthawi yonseyo mmutu mwanga munali amalume. Anagwira ntchito zaka zambirimbiri musitolo ya mmwenye wina ku Limbe, kunyamula mabelo, kudyera panja, madzulo aliwonse kupisidwa mmatumba asanaweruke, malipiro osafika ndi pakati pa mwezi pomwe. Ine ndinakula ndi nkhani zimenezo. Mu 2018 anthu atakana chiboliboli cha Gandhi ku Blantyre mpaka khoti kuyimitsa ntchitoyo, ndinali mbali yawo ndi mtima wonse ndipo mpaka pano sindinasinthe.

Ndiye ndinafunsa, "agogo, munali ndi antchito?" Nkhope inawala, akuti eee, panali bambo wina wophika yemwe anawalera kuyambira ali khanda, ndiye anawaphunzitsa Chichewa, "anali ngati m'bale wathu." Ndikukhulupirira kuti amanena zochokera pansi pamtima. Koma funso loti kodi m'baleyo ankadyera kuti, ankalandira zingati, linangondikakamira pakhosi. Munthu wamkulu wakupatsa tiyi wamasala waulere, akukutchula mwana wake, ungayambe bwanji?

Mkalasi timazifotokoza bwinobwino zimenezi. Mtsamunda Harry Johnston anabweretsa asilikali achi Sikh aku India mu 1891, amalonda ambiri anachokera ku Gujarat, dera la ku India komweko, atsamunda anakonza makwerero, mzungu pamwamba, mmwenye pakati, ife pansi, ndipo ufulu utabwera mkwiyo unagwera amene anali pafupi, amene timamuona tsiku ndi tsiku pasikelo. Ku Uganda zinafika poipa, Idi Amin mu 1972 anawapatsa masiku 90 okha oti achoke mdzikomo, ndipo khonsolo ya Leicester yomweyi inachita kulengeza munyuzipepala yaku Uganda kuti asabwere kuno. Anabwerabe. Kwawo kuwathamangitsa, kuno kuwakana. Zonsezi ndimatha kuzilemba mu essay nkukhoza bwino, koma pa seminar palibe amene amalume ake ankapisidwa mmatumba, ndipo nthawi zina zimandipweteka kuti mabuku ambiri a diaspora, a anthu obalalikira mmayiko ena, omwe tikuwerenga amatsata amene anakwera ndege, wophika uja anatsala ku Luchenza palibe anamufunsa kanthu.

Musitima pobwerera ndinayamba kulembera amalume pa WhatsApp kuti ndikufuna tidzacheze za ku Limbe, ndinafufuta. Akalamba, shuga ikuwavuta, ndipo sindikudziwa ngati angakondwe kumva kuti mphwawo anawoloka nyanja kukaphunzira za mabwana awo. Komanso supervisor akhoza kunena kuti imeneyo ndi project ina, mawu ololedwa mu dissertation ndi ochepa, nthawi yatha.

Agogo aja akuti ndipitenso Loweruka, adzaphika nsima ndi nyemba, mwana wawo adzabweretsa zithunzi za sitolo ija. Fomu ya consent, yovomereza kuti ndigwiritse ntchito zomwe anena, sindinawapatse lero, ndiye zonsezi sizingalowe mu dissertation pakadali pano. Loweruka ndipita ndithu. Za funso lija ndiye kaya, mwina ndidzayambira pa dzina la bambo wophikayo, ngati ana ake alipo, ngati anatumizako kalata atafika kuno