Kusankha seramu yogwirizana ndi khungu lanu

Seramu, yomwe ndi mankhwala amadzimadzi osamalira khungu, imapakidwa nkhope ikangosambidwa, musanadzole mafuta ena, ndipo madontho awiri kapena atatu amakwanira. Chimene ine ndimayang'ana pa botolo si dzina la kampani ayi, koma mankhwala amene alembedwa kumbuyo kwake.

Ngati khungu lanu limauma n'kumatuwa m'miyezi yozizira ya June ndi July, hyaluronic acid amathandiza kusunga chinyezi, makamaka mukamupaka nkhope ikadali yonyowa pang'ono. Amene nkhope yawo imachita mafuta ndi ziphuphu angayese niacinamide, kapena salicylic acid amene amalowa m'timabowo ta khungu n'kusungunula mafuta otsekereza.

Chimene chimatisautsa ambiri a ife akhungu lakuda ndi zipsera zakuda zimene chiphuphu chimasiya chikapola. Vitamini C wopaka m'mawa amathandiza ndithu, koma pamafunika kudekha kwa masabata angapo, ndipo popanda mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30, zipserazo zimangoderanso. Vitamini C akasanduka wofiirira m'botolo, ndiye kuti watha mphamvu, musamukakamire chifukwa chongomvera chisoni ndalama zanu.

Retinol, mankhwala enanso opezeka m'maseramu ena, ndi wopaka usiku, ndipo amayi oyembekezera asamugwiritse ntchito. Seramu iliyonse yatsopano muyambe mwaiyesa kuseri kwa khutu musanaipake nkhope yonse.